Apongozi pa Kaliyala ya Nedson

Pakhomo pa Elizabeti, m'mapiri a ku Ntchisi, padali zinthu ziwiri zofuna kuyang'aniridwa kuposa ana: mwamuna wake Nedson, ndi njinga ya Nedsonyo. Njingayo adabwera nayo kuchokera ku Joni, yowonda, matayala ngati chala, nyanga zopindikira pansi ngati za nkhosa. Azungu amachitira mpikisano njinga zoterezi pa tala. Iye adaimangirira kaliyala ya njinga ina n'kumapita nayo kuchigayo, tsiku limene wafuna.

Nedson adali mkamwini, ndipo ukamwiniwo udali utamufika m'khosi. Rute, mwana woyamba, adali atayamba sukulu iye akulimabe munda wa eni. Ankafuna chitengwa, atenge mkazi ndi ana apite nawo kwawo ku Dzoole. Mawu omaliza adali ndi a Yeremiya, malume ake a Elizabeti, amene ankakhala kumunsi, kupitirira msika wa Kasakula. Koma a Yeremiya adati savomera kanthu asadamve pakamwa pa mlongo wawo, aNangozo, mayi ake a Elizabeti.

Sabata yoti akakambe nkhaniyo, fuliwilo ya pagudumu la kumbuyo idafa. Ukapalasa, mapedulo ankangozungulira okha, gudumu lili phee. Gregorio, wokonza njinga pamsika, adati yatsopano ya njinga yamtunduwu mwina ku Lilongwe. Nedson adati alibe nthawi, angoikhomera basi. Gregorio adakhomera misomali m'kati mwa fuliwilo mpaka idagwirana ndi gudumu, kenaka adapukuta manja.

"Mumve bwino, achimwene," adatero. "Gudumu ndi mapedulo ndawadalitsa ukwati wa kwathu kwa Aroma, palibe kusudzulana. Gudumu likazungulira, miyendo yanu izunguliranso, mufune musafune. Ndiye mugule mabuleki."

Mabuleki adatha kalekale. Nedson ankaimitsa njinga poponda tayala ndi nkhwayira. Adakaiyesa pabwalo la mpira: akaumitsa miyendo inkaima, akapalasa chambuyo inkabwerera chambuyo. Adafika kunyumba akulengeza kuti mabuleki ake tsopano ndi akatumba. Elizabeti, mwana ali kumsana, lichero m'manja, adamuuza kuti bwalo la mpira si phiri, n'kupitiriza kupeta.

M'mawa wa tsiku lopita kwa a Yeremiya, aNangozo adadzuka phazi litatupa, minga ya dzana. Kuyenda sakadatha, ndipo pamudzi njinga idali imodzi. Tsono mukudziwa, mkamwini ndi apongozi sayang'anana, salankhulana. Akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Zaka zonsezo mawu a awiriwa ankadzera mwa Elizabeti, ngakhale opempha mchere.

Elizabeti adamuitanira Nedson kuseri. Adati amulole awauze amayi za njingayo, kuti pamtsetse waukulu akatsike, Nedsonyo aziyenda nawo pang'onopang'ono. Nedson adakana. Tsiku lopempha chitengwa apongozi amve kuti njinga ya ku Joni ndi yokhomera misomali? Adati akafika pamtsetse akanena yekha.

"Inuyo, bambo a Rute? Amene mukawaona mumalowa m'chimanga?"

Wamng'ono adayamba kulira, madzi adali asadatungidwe, ndipo Elizabeti adalibe mpweya wokangana ndi munthu wandevu. Adawakweza amayi ake. ANangozo adakhala cham'mbali, nkhope kuthengo, manja agwira chitsulo cha kaliyala, pakati pa iwo ndi msana wa mkamwini atasiya mpata woti mphaka n'kudutsa.

Pachidikha zidayenda bwino, mwaulemu, ngati maliro. Atafika pamwamba pa mtsetse, Nedson adawona msewu ukutsika mpaka kumsika, wofiira, wamiyala. Liwu loti "titsike" lidakwera mpaka pakhosi. Adaganiza za phazi lotupalo, adaganiza za mmene liwu lake lingamvekere m'makutu a apongozi, ndipo m'malo molankhula adatsokomola. ANangozo nawo, posafuna kuoneka amwano, adatsokomola moyankha. Msonkhano udathera pomwepo, ndipo mtsetse udawatenga.

Poyamba adaumitsa miyendo monga pabwalo paja. Mapedulo adamunyamula m'mwamba, kumukhazika, kumunyamulanso. Adayesa kupalasa mofanana nawo, mawondo akumenya chifuwa ngati munthu wovina mothamangitsidwa. Kenaka mapazi adapulumuka. Adati aponde tayala ndi nkhwayira, pedulo lidamuwomba msongolo. Adayesa phazi lina, lina lidamuwomba katumba. Adangotambasula miyendo uku ndi uku ngati chule, zitsulo zikupalasa zokha pansi pake. Kumbuyo kudali zii. ANangozo adali atatsimikiza kuti ku Joni amayenda chonchi, ndipo sadafune kuoneka achimidzi.

Pamsika padali ayufi akuyang'ana makhadi a chipani, ndipo masiku amenewo munthu sankawadutsa ayufi. Mmodzi adaimika dzanja. ANangozo, amene sadapezekepo ndi mlandu chibadwire, adasiya dzanja limodzi, kusolola khadi m'chilundu n'kuliimika m'mwamba. Ayufi adalumphira m'ngalande. Atatulukamo adagwirizana kuti la agogowo aliona, la bamboyo afunsa pobwerera.

Kwa a Yeremiya mphasa zidali zoyala kale pansi pa mtengo wa mango, thobwa lili mumphika, abale atakhala. A Yeremiya adaimirira kuti alandire alendo, dzanja kutsogolo. Alendo adadutsa. Kumunsi kwa nyumbayo msewu umawoloka kamtsinje n'kuyamba chitunda. Njinga idakwera chitundacho, idachepetsa liwiro, idaima kamphindi ngati ikuganiza, Nedson miyendo idakali m'malere, yauma ndi mantha. Kenaka idayamba kubwerera, apongozi patsogolo, mkamwini pambuyo, khadi likadali m'mwamba.

Pakamtsinje gudumu lidagunda mwala. Apa ndiye ulemu udatha. ANangozo adasiya chitsulo n'kugwira chimene chidalipo, chiuno cha mkamwini, ndi manja onse awiri. Adagwera limodzi m'dimba la a Yeremiya, m'matope, pakati pa mpiru, atakumbatirana. Abale adathamangira komweko. Azimayi adaphimba nkhope ndi zitenje, akuyang'anira m'mbali.

ANangozo adalavula dothi. Kwa nthawi yoyamba chikwatire mwana wawo, adamuyang'ana Nedson m'maso. Sakadachitiranso mwina, maso akewo adali pafupi kwambiri.

"Bambo, njingayi siima?"

"Siima, mayi."

"Nanga pakamwa mudasiya ku Joni?"

"Ndimachita manyazi, mayi."

"Oho. Ndiye awa tikuchita panowa ndi chiyani?"

Nkhani ya chitengwa sidatenge nthawi. A Yeremiya adati iwo alibe chifukwa ndi mkamwini, amalima bwino. Koma munthu wodutsa nyumba imene akupita, n'kubwererako chambuyo, sangapatsidwe mwana wa eni kuti apite naye ku Dzoole, kumene mitsetse ndi yambiri. Adikire kaye. Atafunsidwa maganizo awo, aNangozo adati alibe mawu, angowapezera ngolo.

Nedson adakwera phiri wapansi. Akati akankhe njinga, mapedulo ankazungulira n'kumugogoda m'zilonda momwemo, ndiye adaisenza paphewa. Pamsika ayufi adamufunsa khadi, onse, mmodzimmodzi, kuti amuone bwino. Adafika kunyumba nkhani itafika kale. Elizabeti adamukhazika pakhonde, adatenthetsa madzi, n'kumutsuka misongolo ndi mchere, ndipo mcherewo sadaumire.

Liwu limodzi pamwamba pa phiri likadamupatsa manyazi a kamphindi, pamaso pa munthu mmodzi. Adalimeza, n'kukagula manyazi a mudzi wonse, chitengwa n'kumupita. Akulu adanena kale: mbewa ya manyazi idafera kuuna.