Tsiku Lomwe Chipembere Anasowa Netiweki

Kalekale, ana inu senderani kuno kumoto, nanunso akuluakulu tayikani kaye mafoni anuwo pansi. Kalekale nyama nazonso zinali ndi mafoni. Mukuseka? Sekani, koma makutu akhale kuno.

M'dziko la nyamalo munali makampani awiri a netiweki. Ina inali ya Chipembere, nsanja yake pamwamba pa phiri. Ina inali ya Nungu, nsanja yake pakati pa dambo. Awiriwa ankapikisana, nyama n'kumakondwa. Uku kukavuta, unkathawira uko. Ngakhale Fulu ankaimba foni ali phee m'chigoba mwake.

Tsiku lina Chipembere anatsika phiri, di! di! di! mpaka pakhomo pa Nungu.

"Achimwene, tikulimbirana chiyani? Tiyeni tiphatikize makampani athuwa. Nsanja ziwiri, dzina limodzi. Mawu azikafika mpaka kuuna wa mbewa."

Nungu anakopeka, nadinda chala papepala. Kutacha, anyani antchito a Chipembere anafika ndi zingwe, nsanja ya kudambo ija khu! pansi. Mitengo ndi mawaya omwe, zonse ulendo wa kuphiri. Nungu anapatsidwa udindo wa wachiwiri kwa bwana, ntchito yake kuingitsa ntchentche pamsana pa bwanayo.

Kudambo kunangoti zii. Wofuna kuimba foni ankakwera pachulu, mwendo wina m'mwamba. "Halo? Halo? Mukundimva?" Chule anagwa pachulupo kawiri. Fulu ankayamba kukwera Lolemba, n'kukafika pamwamba Lachitatu, batire itatha. Koma kuseka kunatha tsiku lomwe moto wolusa unalowa m'dambo. Mayi Bakha anayesa kuitana anzawo, foni osalowa. Mazira awo onse anapsa.

Ndiye panali mayi Nkhanu, kanthu kakang'ono kokhala m'mbali mwa mtsinje. Anati izi ayi. Anauyamba ulendo wa kuphiri, chammbali, chammbali, mpaka anapeza Chipembere ali khale, akutafuna nzimbe.

"Bwana, kwathu netiweki kulibe."

"Ilipo! Dziko lonse lili ndi netiweki. Vuto ndi timafoni tanu tachikaleto."

"Mazira a mayi Bakha apsa, bwana."

"Akanakwera pachulu. Ndipo iwe, ukadandaula kwa yani? Kampani ina ili kuti? Ndine ndekha tsopano. Choka apa ndisanakuponde."

Nkhanu sanalire. Anangoyang'ana mulu wa makoko a nzimbe, wautali kuposa khomo, n'kubwerera kwawo, chammbali, chammbali.

Patapita sabata anakweranso phiri, nkhope ili mwee.

"Bwana, tinkalakwa ndife. Pachulu paja netiweki njambiri. Anthu a kudambo akulimirani nzimbe zothokoza, zonenepa ngati mwendo wa njati. Koma mubwere nokha, anyaniwa angakuthereni."

Chipembere sanadikire kumva kawiri. Di! di! di! kutsika phiri, dovu lili chuchuchu. Pakati pa dambo nzimbe zinali zitaima bwinobwino. Sanadziwe kuti zinali zodulidwa, zongozika m'thope, pamwamba atayalapo udzu. Phazi loyamba, tibu! Lachiwiri, tibu! Kuti abwerere, mimba yonse inali italowa.

Anatulutsa foni kuti aimbire Njovu adzam'koke. Foni zii. Anaikweza m'mwamba. Zii. Anaigwedeza, anaiuzira mpweya. Zii.

"Iwe Nkhanu! Kuno netiweki kulibe!"

"Ilipo, bwana. Dziko lonse lili ndi netiweki. Mwina ndi kafoni kanuko."

"Usandiseweretse!"

"Ndiye takwerani pachulu."

Nyama zonse za kudambo zinali zitakhala m'mphepete, zikungoonerera. Kumtunda mitambo inada bii, mvula n'kugunda, gugugu! Madzi anayamba kukwera, kufika pakhosi.

"Thamanga ukaitane Njovu!"

"Ine kuthamanga? Ndipo Njovu akudya kuti lero, akudziwa ndani? Chom'peza ndi foni yokha. Nsanja ikanakhala pano, mukanamuimbira nokha."

"Kaitengeni nsanjayo! Kaitengeni msanga!"

"Mayi Bakha, ulukani mukanene kuphiri," anatero Nkhanu.

Bakha anakwinya nkhope. "Ine ndiulukire amene anandipsetsera mazira?"

"Simukuulukira iyeyu, mayi. Mukuulukira ife. Ndipo muuze a Nungu asaiwale pepala lija."

Bakha pha! pha! pha! ulendo. Posakhalitsa Nungu anatulukira, anyani pambuyo pake atasenza mitengo ndi mawaya. Anakumba, anazika, anamanga. Madzi anafika pachibwano cha Chipembere.

"Lumikizani mawayawo!"

"Pang'onopang'ono, bwana," anatero Nkhanu. "Pepala lophatikiza makampani ndi ili. Mwayenda ulendo wautali osadya kanthu. Tafunani."

"Sindingadye pepala ine!"

"Chabwino. Ife madzi ndi kwathu, sitili pachangu."

Madzi anakhudza mlomo. Chipembere anatsegula kukamwa, natafuna pepala lonse, chidindo chomwe, n'kumeza, kwiti! Nungu analumikiza waya womaliza. Nthawi yomweyo mafoni onse a m'dambo analira, tii! tii! tii! Fulu analandira uthenga womuitanira ku ukwati umene eni ake anali atabereka kale ana, anawo atayamba kuyenda.

Chipembere anaimba foni. Njovu anabwera, anam'gwira mchira ndi chitamba, zuuu! n'kum'ponya kumtunda ngati thumba la chinangwa. Atangoponda pouma, ukali unabwerera.

"Mawa lomweli ndidzaigwetsanso nsanjayi!"

Nkhanu anakweza zopanira zake zonse ziwiri.

"Bwerani, bwana. Njira ndi yomweyi, dambo ndi lomweli, ndipo mvula yangoyamba kumene."

Sanabwere. Mpaka lero, mukadzaona chipembere, muone mmene chimayendera: mutu pansi, nyanga patsogolo, kufufuza ngati pali thope.

Nthano yanga yapsera pomwepa, wotsala ndi mbatata aikwirire paphulusa. Koma inu akuluakulu, wina akadzakuuzani kuti tiphatikize minda, muyambe mwam'funsa kuti nkhokwe idzakhala pakhomo pa yani.