Ngaka Akanena Maliro Kutsidya

Kalekale, nyama zikadayankhula, kunali Ngaka amene ankakhala ndi amayi ake mu una wa patsinde pa chulu. Ngaka mukumudziwa: thupi lonse mamba, ndipo akangomva tswa! amadzipinda ngati nkhata. Uyu ndiye anali wamantha koposa. Dziko lake linkathera pa mtengo wa msuku umene ankauona ali pakhomo. Kuukwati sankapita. Kumaliro sankapita. Amayi ake ankati, "Kunja kuli mano, mwanangu."

Tsiku lina amayi aja anamwalira. Palibe anabwera kudzakhuza, pakuti iwo sanakhuzepo maliro a wina aliyense. Ngaka anakumba manda yekha. Anaika yekha. Anakwirira yekha.

Mwambo mukuudziwa. Maliro satha mpaka mwini mbumba amve ndipo anamfedwa ametedwe. Wosametedwa amakhalabe m'maliro, ngakhale dzinja lidutse. Mwini mbumba anali malume ake, amene Ngaka anali asanawaonepo. Ankangomva kuti amakhala kutsidya kwa mtsinje, kuseri kwa phiri la miyala yoyera. Woti amutume panalibe. Ngaka ananyamuka.

Anadutsa msuku uja. Kutsogolo kunali lupsa, dambo lonse lakuda bii, popanda pobisala. Chithunzithunzi chinadutsa pansi. Ngaka anadzipinda.

"Iwe mwala," anatero Khwangwala ali m'mwamba, "ukupita kuti?"

"Ndikukanena maliro kwa malume," Ngaka anayankha ali m'kati mwa mamba.

"Ukanena uli chipindire? Udzafika malume ako atamera mano ena!"

Khwangwala anaseka n'kuuluka. Ngaka anadikira, anadikira. Palibe chinamudya. Anadzifunyulula, nayenda paphulusa lofunda. Anayenda, anayenda, mapazi ake okha akumutsatira m'mbuyo.

Anafika padooko. Mtsinje unali waukulu, ukukokoma. Ngaka anali asanaonepo madzi oposa a m'chithaphwi. Ali chiimire, anaona linthumbu likulowa mu una patsinde pa mkuyu, mzere wosatha. Njala inalipo, koma chakudya sichinkalowa. Pomwepo panatulukira Fisi, akununkhiza.

"Ukununkha dothi la kumanda, mphwanga. Watisiya ndani?"

"Amayi."

"Ho! Pepa, pepa. Anali onenepa bwino mayi amene aja. Mwawagoneka pati, ndikagwadepo?"

Ngaka anaona dovu likuchucha pakamwa pa Fisi, ndipo anadzipinda. Fisi analuma. Mano anaterereka pamamba. Analumanso. Anatererekanso.

"Funyuluka, tikambe ngati abale!"

M'kati mwa mdima wake uja, Ngaka anaganiza. Kenaka anati, "A Fisi, mukandiolotsa ndikuuzani."

Fisi anamunyamula kukamwa n'kulowa m'madzi. Madzi anamenya mamba, kuzizira kunalowa mpaka m'mafupa, mpweya wa Fisi ukununkha zovunda. Ngaka anangotsinzina. Atafika kutsidya, Fisi anamulavula pamchenga.

"Nena tsono."

"Patsinde pa mkuyu uja tausiya. Mukumbe mwakuya, ndinawaika pansi kwambiri."

Fisi sanatsazike n'komwe. Anasambira kubwerera, nayamba kufukula ndi manja onse awiri, mphuno ili m'dzenje. Linthumbu linatuluka. Linalowa m'mphuno, linalowa m'makutu, linalowa paliponse polowa. Fisi anakuwa, anagubuduka, anathawira kuthengo akudziluma yekha. Ngaka anamva kukuwako ali kutsidya. Kuseka kunamufika pakhosi, koma anacheuka, ndipo panalibe woseka naye. Anapitiriza ulendo.

Tsopano linatsala phiri. Anakwera, anatsetsereka, anakweranso. Zikhadabo zokumbira dothi zinang'ambika pamiyala. Atafika pamwamba anayang'ana kumene anachokera. Anaona mtsinje ngati ulusi. Anaona lupsa ngati chikhatho. Msuku wake anaufunafuna, koma mitengo yonse inali yofanana. Anadabwa kuti dziko ndi lalikulu chotero, ndipo analakalaka akadauza amayi ake.

Kuseri kwa phiri anapeza una wokumbidwa monga amakumbira a mtundu wake. Pakhomo panali patamera udzu.

"Odi! Odi kuno!"

Zii.

"Odi, malume!"

"Ukuodira ndani?" Mawu anachokera mu una wina wapafupi. Munatuluka Nungu wokalamba, minga ina itathothoka.

"Ndine mwana wa mlongo wawo wa eni una uwu. Ndabwera ndi uthenga. Kwathu kwagwa zovuta. Amayi atisiya."

Nungu anakhala pansi.

"Mwanawe, nanenso ndili ndi uthenga, koma ndinasowa woti ndimuuze. Malume ako anatisiya mvula yathayi isanagwe. Ndinawaika ine."

Ngaka anamva msana ukuyamba kupindika wokha. Anaugwira mtima. Anakhala chifunyulukire, misozi ikugwera padothi.

"Munali bwenzi lawo?"

"Bwenzi? Aa! Malume ako anali wovuta. Tinkakangana za malire tsiku ndi tsiku. Ankati ndimakumba mopyola, ine ndinkati amanama. Chichokereni iye, ndilibe wokangana naye. Abale ake ndawadikira mpaka maso kufiira. Taona, sindinamete."

"Nanga ine andimete ndani? Mwini mbumba ndi amenewo apitawo."

Nungu anakanda kumutu. "Ine si wa mbumba yanu. Koma dothi la m'manda a malume ako likadali m'zikhadabo zangamu. Ngati umenewo si ubale, sindidziwa ubale. Sendera kuno."

Anatenga mwala wakuthwa, namuzungulira Ngaka uku ndi uku.

"Koma abale, ndimete pati? Mamba okhaokha!"

Ngaka anachita chinthu chimene anali asanachitirepo mlendo aliyense. Anagona chagada, naonetsa kumimba, kumene kulibe mamba. Kumeneko kunali timaubweya tochepa. Nungu anameta mosamala.

"Basi, maliro a mayi ako atha. Tsono undimete ine. Samala minga, ndilibe mankhwala."

Ngaka anameta kachitsitsi ka pamutu pa Nungu. Anabayidwa pang'ono. Nungu anati ali ndi dzanja lolemera ngati malume ake, ndipo awiriwo anakangana za zimenezo mpaka anamva njala.

Inu mukundimvera, phunziro ndi ili: pakhomo pamakusunga, koma chisoni sichithera pakhomo. Amene angakuchotsere maliro nthawi zina amakhala kuseri kwa phiri limene ukuliopa, ndipo sadziwa kuti ulipo mpaka utapita kukaodira.

Yanga yathera pamenepa. Amene anakwirira mbatata m'phulusa akaphule isanapserere.