Bwalo la Khoromana

Kalekale, misewu ya kuminda ya tiyi ikadali yafumbi, kunali mphunzitsi wa tenesi dzina lake Khoromana. Bwalo lake analipanga yekha kuseri kwa nyumba. Anagumula chulu, nasenza dothi lake pamutu, nalitsendera mpaka kusalala ngati mbale. Pabwalo limenelo panakulira anyamata atatu amene tenesi inasanduka khasu lawo, nayenda nayo m'mipikisano ya m'mayiko ambiri.

Khoromana atakalamba n'kudwala, anauza mkazi wake, Felesiya, kuti: "Bwaloli mudzapatse amene anaposa anzake. Mmodzi, osati atatu." Felesiya anafunsa kuti ameneyo ndani, koma mkuluyo anangotembenukira kukhoma. Patapita masiku awiri anatisiya.

Chaka chitatha, kunabwera a Mateche, mng'ono wa malemu, munthu amene chibadwire sanagwirepo raketi.

"Alamu, Loweruka tikuvundukula chiliza cha achimwene," anatero. "Tsiku limenelo mutchule dzina la wolandira bwalo. Mukapanda kutero, ine ndilowetsapo ng'ombe ndi pulawo. Mvula ili pafupi, ndipo mpira sitidya."

Kuyambira tsiku limenelo Felesiya anasowa pokhala. Akayamba kuchapa ankasiya zovala m'madzi, akakhala pakhonde ankadzuka asanatenthetse mpando. Zaka makumi atatu anali atasesa bwalolo ndi kulemba mizere yake ndi laimu, ndipo kuganiza kuti pamera chimanga kunkamuwawa kwambiri. Anathamangira kubokosi kumene malemu ankasunga buku la zotsatira za masewero onse. Atalitsegula anagwira pakamwa. Chiswe, chomwe chinapereka dothi la bwalo, chinali chitabwera kudzalipsira: masamba onse apakati chinali chitadya.

Choncho anaitanitsa akatswiri atatu aja, aliyense tsiku lake, pakuti anali atasiya kale kupatsana moni.

Woyamba kufika anali Wedisoni, pagalimoto, mimba ili patsogolo. Iye anatenga zikho khumi ndi zisanu ndi zinayi, pakapinga, pasimenti ndi padothi pomwe, ndipo palibe wina m'dzikomo amene anayandikirako. Masamba ake ambiri chiswe chinawasiya.

"Amayi, musadzivute," anatero akugogoda bukulo ndi chala. "Ingowerengani. Nambala sinama."

Felesiya anawerenga, napeza kuti n'zoona. Koma anakumbukiranso kuti zikho khumi ndi chimodzi mwa zimenezo zinabwera Jolamu atapachika kale raketi, njira itayera.

Jolamuyo anabwera mawa lake, wapansi, mkono wamanja uli lende. Anasewera zaka zinayi zokha phewa lisanaguluke, ndipo zikho zake zinali zisanu basi. Koma pazaka zinayizo anakumana ndi Wedisoni kakhumi ndi kamodzi, namugonjetsa kasanu ndi kanayi.

"Mfumu ya zikho mukuinenayo, amayi, ikandiona kutsidya kwa neti inkayamba kufunsa njira ya kuchimbudzi," anatero Jolamu. "Woposa onse angakhale bwanji munthu amene ine ndinkamukwapula ngati mwana?"

Tsoka lake, zaka zake zinayizo ndizo zinali m'mimba mwa chiswe. Wedisoni ankalumbira kuti sikunali kasanu ndi kanayi koma kasanu ndi kamodzi, ndipo anthu a m'mudzimo ankakumbukira aliyense molingana ndi amene ankamukonda.

Wachitatu, Akimu, anatulukira panjinga, nakhala nthawi yaitali akungoyang'ana bwalo. Zikho zake zinali zisanu ndi zitatu, zonse zapadothi. Pakapinga ankaterereka n'kutuluka tsiku loyamba, anthu akuseka. Koma padothi anatha zaka khumi ndi ziwiri osagonja. Jolamu ndi ukali wake wonse sanamuthe ngakhale kamodzi, ndipo chikho chokhacho chapadothi cha Wedisoni chinabwera chaka chimene Akimu anagona ndi malungo.

"Ine sinditha kulankhula, amayi," anatero. "Ndingofunsa. Bwalo tikukanganirali ndi lakapinga kapena ladothi?"

Felesiya anamuperekeza mutu utaima. Akatsamira kwa Wedisoni, Jolamu ankamugwetsa. Akatsamira kwa Jolamu, Akimu ankamugwetsa. Akatsamira kwa Akimu, zikho za Wedisoni zinkamuyang'ana. Amayi a kutchalitchi anati angowagawira onse atatu, koma malemu anali atanena kuti mmodzi, ndiponso atambala awiri salira m'khola limodzi, nanji atatu. Wina anati aseweretu tione. Asewere ndani? Uyu mimba, uyu mkono, winayo maso atayamba kale kuchita chifunga.

Loweruka linafika kumwamba kutada. Felesiya atasuzumira pazenera anaona ng'ombe ziwiri za a Mateche zili m'goli pafupi ndi mzere wa bwalo, pulawo ili kumbuyo. Anatenganso buku lija n'kulikutumula, mwina mungagwe kanthu. Apo ndi pamene anaona kuti tsamba lomaliza linali litamatirira kuchikuto. Analimatula ndi mpeni, ndipo pamwamba pake panali mawu olembedwa ndi dzanja la mwamuna wake: "Woposa onse."

Pansi pake panalembedwa Wedisoni, koma dzinalo linali lokhwatchidwa. Kenako Jolamu, lokhwatchidwa. Akimu, lokhwatchidwa. Wedisoni kachiwiri, ndi inki ina, lokhwatchidwanso. Zinapitirira choncho chaka ndi chaka mpaka pansi pa tsamba, ndipo panalibe dzina ngakhale limodzi lotsala.

Felesiya anapsa mtima kwambiri, kuposa mmene anapserapo mwamunayo ali moyo. "Inu munawalera, munaona mpira uliwonse umene anamenya, ndipo mwalephera zaka zonsezi," anauza tsambalo. "Ndiye katunduyu mwatulira ine, wosesa bwalo?" Atatero anakhala pabokosi paja n'kulira, kenako anamanga mpango n'kunyamuka.

Kumanda anthu anali atadzaza. Nsalu itachotsedwa pachiliza, nyimbo zitatha, a Mateche anatsokomola n'kuyang'ana kumitambo.

"Alamu, tikudikira inu."

Wedisoni anaima kumanja, Jolamu kumanzere, Akimu chapatali pafupi ndi njinga yake. Madontho oyamba a mvula anayamba kugwa pachiliza, ndipo kumudzi kuja ng'ombe inalira. Felesiya anatulutsa kiyi wa chipata cha bwalo pamfundo ya chitenje.

Ine ndaima pomwepa, chifukwa ndikatchula dzina ena a inu simundipatsanso moni. Mukhale inu Felesiya. Mukakhala chete, pofika Lolemba bwalo ndi munda. Kiyi ameneyu mupatsa ndani: amene anatenga zikho zambiri, amene ankagonjetsa mwini zikhoyo, kapena amene sanagonjepo padothi lomwe akulimbiranalo?