Kalata Yokhomedwa pa Kiyosiki ya Madzi

M'tauni ina yaing'ono, ya msewu umodzi ndi chigayo chimodzi, munali mayi wina wogulitsa madzi pa kiyosiki. Kiyi wa mpopi ankayenda naye m'khosi. Ntchito imeneyi ndi imene inkawadyetsa, iye ndi mwana wake wa zaka zitatu, dzina lake Elube.

Tsiku lina kunabwera a zaumoyo ndi timabotolo tawo. Anatunga madzi n'kupita nawo, ndipo patatha milungu iwiri kunamveka kuti madziwo ndi oipa, chifukwa paipi inaphulika pafupi ndi zimbudzi za kumsika. Lamulo linkati mpopi wotere utsekedwe. Koma akuluakulu a tauniyo anakadandaula kuti alibe kwina kotunga, ndiye anawapatsa chaka chimodzi choti akonze.

Tcheyamani wa komiti ya madzi anabwera ndi kalata ya chidindo chachikulu, n'kuikhoma pakiyosiki paja.

"Boma latilola," anatero. "Gulitsani, musaope."

Mayi uja mtima sunakhale m'malo. Dzuwa linali la Okutobala, tcheyamani thukuta lili kamukamu. Mayiyo anatunga madzi m'kapu, anagwada, n'kumupatsa monga timachitira ndi mlendo. Bamboyo anaiyang'ana kapuyo nati, "Ndangomwa kumene." Ha! Wangomwa kumene, milomo ili gwaa choncho? Mawa lake mayi uja anamuona akutsitsa zigubu panjinga, zochokera kumjigo wa kutali uko.

Kalatayo inali m'Chingerezi, ndiye anapempha mphunzitsi wina wodzatunga madzi kuti amuwerengere.

"Mayi, apa sanalembe kuti madzi ali bwino ayi," anatero mphunzitsiyo. "Akuti ndi oipa, kungoti sakutsekerani mpaka chaka chithe. Ndipo akuti wotunga aliyense muzimuuza kuti akawiritse."

Mayiyo anathamangira kwa tcheyamani. Yankho linali lalifupi: "Mukayamba kuopseza anthu, kiyi ameneyo tipatsa wina."

Apa ndi pamene panali nkhani, abale anga. Akalankhula, ntchito yatha. Akakhala chete, anthu amwa matenda. Anachita mantha, mantha enieni. Ndiye anadzinyenga yekha: "Walola ndine kodi? Chidindo si icho?" Kunyumba kwake anayamba kuwiritsa madzi, dontho lililonse. Koma pakiyosiki anali duu. Amayi anzake akamufunsa ngati madzi ali bwino tsopano, iye ankangoloza pakhoma, nati, "Kalata si iyo." Mukuona kuchenjera kwake? Sananame ndi pakamwa. Anangoloza.

Koma anaiwala mmene timakhalira kuno. Kwathu kuno mwana samwa pakhomo pamodzi. Akamasewera n'kumva ludzu amalowa nyumba imene ili pafupi, ndipo palibe mayi amene angamane mwana madzi.

Mvula yoyamba itagwa, Elube anayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba, maso n'kulowa m'kati. Mayi wake anathamangira naye kuchipatala, komwe anamuika diripi. Woyandikana naye nyumba, mayi Nangondo, anabwera ndi phala kudzazonda, n'kumupeza mayi uja akulira.

"Ine ndimawiritsa! Tsiku lililonse ndimawiritsa! Nanga wamwa kuti?"

Nangondo anaika mbale pansi pang'onopang'ono.

"Wamwa kwathu, madzi omwe mumanditungira inu. Kani inu mumawiritsa? Nanga ife simunatiuze bwanji?"

Elube sanabwererenso kunyumba.

Abale ndi alongo, chilolezo sichiyeretsa madzi. Chaka chija anawapatsa kuti akumbe, akonze paipi, osati kuti azinena kuti zonse zili bwino. Ife timachita chimodzimodzi. Timati, "Abwana akudziwa, akumpingo sanandiitane, aliyense amatero." Timati poti Mulungu sanandilange lero, ndiye kuti wandilola. Ayi ndithu! Akakulekerera, sakunena kuti tchimo lako layera. Wakupatsa nthawi yoti ukonze, ndipo nthawiyo ikutha.

Pali chinthu chimene mtima wako ukuchikayikira kale, chimene sungalole m'nyumba mwako koma umachipereka kwa anzako uli chete. Usaloze kalata. Tsegula pakamwa lero, chifukwa choipa chimene wathira mumtsuko wa mnzako, adzamwa ndi wako yemwe.