Tsiku Lomwe Noi Anakhalira Foni ya Mtisunge

Ana anga, mwambi uliwonse uli ndi khomo lomwe unabadwira. Uja wa mlendo ndi kalumo, ine ndimati unabadwira pakhonde panga ku Matawale, ku Zomba. Wotsutsa abwere ndi umboni wake.

Mwana wanga Mtisunge anali m'chaka chachiwiri pa yunivesite. Ntchito zake za Chingerezi zolembera kunyumba zinkabwera ndi malikisi osiririka, pakuti mufoni mwake munali kapulogalamu koti ukangokauza mutu, kamakulembera zonse. Koma m'chipinda cha mayeso foni silowa. Analephera, ndipo anamuuza kuti akalepheranso mayeso obwereza, sukulu yathera pomwepo.

Masiku amenewo tinkasunga mtsikana wa ku Thailand dzina lake Noi, yemwe anabwera kudzaphunzira kuno kwa miyezi ingapo. Anali mwana wofatsa. Nsapato ankavulira pakhomo, ndipo akasenda mango, chidutswa choyamba ankandiikira pambali.

Loweruka lina masana ine ndi Noi tinkasankha miyala mumpunga. Mtisunge anakhala pamphasa ndi pepala pamwendo, kuyesera mayeso aja. Chilembereni mutu, cholembera chinangoti njo. Kenaka anatambasula dzanja kuti atenge foni, koma Noi anayamba ndiye kuitola n'kuikhalira.

"Iwe, bweretsa foni yanga!" anakalipa Mtisunge.

"Lemba kaye," anayankha Noi m'Chichewa chake chotsimphina.

"Aa! Ndi Chingerezi chako chothyokathyoka chija, undiphunzitse ine?"

"Chothyoka, inde, koma changa. Chanu chili kuti, achemwali?"

Mtisunge anazyolika, ndipo Noi anafewetsa mawu. Anati kwawo nayenso ndi anzake a pa yunivesite zinawaonekera zomwezi, mpaka mphunzitsi wawo anawaikira lamulo: uyambe walemba ndi dzanja, foni ikulozere polakwika, koma isakukonzere. Anatola kamwala m'lichero n'kukakweza.

"Foni iloze mwala. Kuchotsa uchotse wekha. Mawa diso lako liuona lokha."

"Amayi, mukungoonerera?" anadandaula mwana wanga.

"Ine ndikusankha mpunga, mwanangu. Foni ili pabwino pomwe iliyo."

Mtisunge analemba tsamba lathunthu, uku akupukuta misozi ndi chitenje. Foni itabwezedwa inaloza zolakwika pafupifupi mzere uliwonse. Ndinkayembekeza kuti Noi aseka kubwezera chipongwe chija, koma ayi. Anatsika pampando, n'kukhala naye pamphasa phewa ndi phewa, kudikira kuti mnzake akonze yekha. Anachita choncho masana aliwonse mpaka zolakwika zinayamba kuchepa.

Mayeso aja Mtisunge anakhoza. Sanakhoze mwapamwamba ayi, koma malo ake anawasunga, ndipo liwu lililonse papepala lija linali lake. Uthenga utafika, Mtisunge sanayambe kuuza ine. Anathamangira kuchipinda kwa Noi, ndipo sindinadandaule nazo.

N'chifukwa chake timati, mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Lumo la pamudzi limabuntha pang'onopang'ono, eni ake osazindikira, n'kumangopirira ululu pometa. Ine ndinkanyadira malikisi aja osadziwa kuti dzanja la mwana wanga likufooka. Anaona ndi wochokera kutali. Choncho mlendo akakuuzani mawu, ngakhale lilime lake likhale lolemera, mumvetsereni mpaka amalize.