Muyeso Wachisanu wa Ardith Kolstad

M'galaja ya Ardith Kolstad munalibe malo oimika galimoto. Munali tebulo la malemu mwamuna wake Lyle, zitini za wonga, makoko amkuwa a zipolopolo, ndi kasikelo koti ukapumira pafupi kamagwedezeka. Kwathu kuno kum'mawa kwa Montana, munthu wowombera chandamale pa mayadi chikwi sagula zipolopolo m'sitolo. Amadzipangira yekha, wonga n'kumachita kuyeza ngati mchere wa munthu wodwala mtima.

Chomwe chinkamusowetsa mtendere Ardith chinali chikho cha mpikisano wa pachaka wowombera chandamale. Lyle ndiye anachisula ndi manja ake n'kuchipereka ku kalabu yathu, ndipo dzina lake linalembedwapo kasanu ndi kawiri. Koma lamulo la kalabu limati munthu akapambana zaka zitatu zotsatizana, chikhocho n'chake mpaka kalekale. Duane, mng'ono wake wa Lyle, anali atapambana kawiri chimwalirire mkulu wakeyo, ndipo shelefu yoikapo chikho anali atakhoma kale pabalaza pake. Ardith sankafuna kuti chikho chichoke pakhoma la kalabu pomwe Lyle anachisiya, choncho anaganiza zolowa nawo mpikisanowo.

Vuto linali lakuti mfuti ya Lyle anali ataiika mpope watsopano, ndipo mpope uliwonse uli ndi mtima wake. Muyeso wa wonga womwe malemuwo analemba m'kope lawo sunkagwiranso. Choncho mu Malichi, chisanu chili tseketseke, Ardith anakonza miyeso khumi, uliwonse wonga wochulukirapo pang'ono kuposa unzake, n'kupita nayo kubwalo lowomberako.

Duane anamupeza komweko, khofi ali m'manja, atanyamula kamakina kake koyeza liwiro la chipolopolo. Munthuyu kamakinako ankakakonda kuposa galu wake. Muyeso wachikhumi utawombedwa, mabowo atatu anachita kugundana pachandamale, kamakina nako kanaonetsa liwiro loopsa.

"Alamu, mukufunanso chiyani?" anatero Duane. "Mfuti yalankhula yokha. Ine wanga ndimathira kuposa pamenepo, chipolopolo chimafika mphepo isanadziwe n'komwe."

Tisanamizane, mtima wa Ardith unakopeka. Ndani sakonda mabowo ogundana? Koma atayang'anitsitsa pepala la chandamale lija anaona chinthu china. Muyeso wachinayi, wachisanu ndi wachisanu n'chimodzi, ngakhale mabowo ake anali otalikirana pang'ono, yonse inagwera pamzere umodzi, osakwera, osatsika. Apa ndiye kuti wonga ukachuluka kapena kuchepa pang'ono, mfuti sinkasamala.

"Mabowo atatu ndi mwayi chabe, alamu," anayankha Ardith. "Ndiyesanso kaye."

Anayesadi, mpaka anthu kuyamba kumunena kuti umasiye wamuzunguza mutu. Zipolopolo zina ankazigoneka m'firiji pambali pa nyama ya mphalapala, zina ankazikulunga m'sokosi pamodzi ndi botolo la madzi otentha. Loweruka lililonse ankawombera zozizira ndi zotentha. Muyeso wachisanu unkagwa pamodzimodzi. Wachikhumi uja utatenthedwa unakwera m'mwamba, ndipo mpiringidzo wotsekera chipolopolo mumfuti unalimba potsegula. Ardith anachita mantha, napasula zipolopolo zotsala za muyesowo tsiku lomwelo.

Sanabise. Anapita kwa mlamu wake n'kumuuza maso ndi maso.

"Alamu, wonga wa Malichi si wa Julaye. Mpikisano udzachitika dzuwa likuswa mtengo. Tsitsani muyeso wanuwo, mfuti ingakupwetekeni."

Duane anaseka mpaka kutsamira galimoto. "Mwabwera kudzandichenjeza kapena kudzandinyengerera? Zanuzo, alamu, zizikafika pachandamale anthu atapita kale kukadya."

Ardith anabwerera kwawo mtima ukuwawa, koma pa muyeso wachisanu uja wonga sanawonjezere ngakhale kambewu kamodzi.

Tsiku la mpikisano kunatentha mpaka ziwala kubisala pansi pa magalimoto. Aliyense anali ndi zipolopolo khumi ndi mphindi khumi. Tebulo la Duane linayandikana ndi la Ardith, ndipo bokosi lake la zipolopolo linali padzuwa chiyambire m'mawa. Ardith lake anali ataliphimba ndi thaulo.

Woyang'anira mpikisano atalamula, mfuti zinayamba kulira. Duane anawombera zinayi mothamanga, akumwetulira. Pa chachisanu mpiringidzo unakana kutseguka. Anaumenya ndi chikhatho, unatseguka monyinyirika. Pa chachisanu n'chimodzi unakaniratu, thukuta lili kamukamu, munthu wamkulu n'kuyamba kufunafuna kathabwa koti agogodere.

"Duane, ikani mfutiyo pansi," anatero woyang'anira uja. "Sindikufuna kukaperekeza munthu kuchipatala lero."

Ardith zonsezi ankazimva kukhutu lakumanzere, koma diso silinachoke pagalasi la mfuti. Ankayang'ana mbendera za mphepo, kudikira zigone mofanana, n'kuwombera. Kutsegula, kuikamo china, kudikiranso. Mpiringidzo unkatseguka ndi chala chimodzi. Chipolopolo chomaliza chinatuluka kutatsala theka la mphindi.

Mapepala atabwera nawo kuchokera kutali kuja, anthu anaunjikana patebulo loyezera. La Duane linali ndi mabowo asanu ndi limodzi, awiri omaliza ali m'mwamba kwaokha. La Ardith linali ndi khumi, ndipo woyeza anatenga kambale kake ka khofi n'kuwaphimba onse. Panalibe wina anayandikirako tsiku limenelo. Azibambo omwe ankamuseka za firiji aja anavula zipewa, wina n'kumufunsa chapansipansi kuti sokosi ija inali ya mtundu wanji.

Atamupatsa chikho, Ardith anachikumbatira, misozi ili mbwembwembwe, ndipo analibe nazo manyazi. Anasisita ndi chala pomwe panali dzina la Lyle, kenaka analowa m'nyumba ya kalabu n'kuchibwezera pakhoma pake pomwe paja.

Duane anamutsatira, chipewa chili m'manja. Ukali unali utamuthera.

"Munandiuza, alamu. Nanga shelefu ndinakhoma ija ndiikapo chiyani?"

"Ikanipo kamakina kanu ka liwiro kaja," anatero Ardith. "Loweruka mubwere ndi mfutiyo kugalaja ya achimwene anu, tidzayambe pa muyeso woyamba. Sokosi mubweretse yanu."

Chaka chimenecho, pansi pa dzina la Lyle panalembedwa la mkazi wake. Zipolopolo za Duane zinali ndi liwiro kuposa za wina aliyense pabwalo paja, ndipo zinayi mwa izo zikadali m'bokosi mpaka lero. Paja akuluakulu anati kuthamanga si kufika.