A Daka Atuma Nkhoswe kwa Mulungu

Kudera la Luembe kuli bambo wina wolima nthochi, a Eustace Daka, amene mawu amawasunga ngati mbewu m'chaka cha njala. Pa zaka makumi atatu ndi zinayi za ukwati wawo, wolankhula pakhomo anali mkazi wawo, amai Virginia. Kuchipatala iwo ndiwo ankafotokoza pamene amuna awo akumva kupweteka, a Daka n'kumangogwedeza mutu ngati mlendo pa matenda awo omwe. Ku Nyimba, pamene mabasi amaima, a Daka ankatsitsa mikoko ya nthochi panjinga, amai Virginia n'kumakambirana ndi azimayi ogulitsa. Ngakhale pofunsira mbeta sanatsegule pakamwa. Anatuma msuweni wawo, a Febian Njobvu, amene pambuyo pake anakhala nkhoswe yawo, ndipo lero ndi mkulu wa mpingo. Popemphera zinalinso chimodzimodzi. Amai Virginia ankamuuza Mulungu zonse, za mvula, za ana, za bondo la amuna awo, a Daka n'kutsekera ndi "Ameni."

Amai Virginia anamwalira m'mwezi wa Marichi. Koma panali chinthu chimene anthu a pamaliro sanachidziwe. Lachiwiri lina m'mawa mayiwa anadandaula mutu ndi kuzizidwa, napempha kuti awaperekeze kuchipatala. Nthochi zinali zitapsa, njinga inali imodzi. A Daka anati, "Tipita mailo," n'kumanga mikoko pakaliyala. Mawa lake anawatengeradi, koma malungo anali atakwera kale kumutu. Loweruka anawaika m'manda.

Mawu awiri aja anawakhala pachifuwa ngati mphero. Munthu wokhala chete moyo wake wonse, tsiku limene anayankha msanga ndi limene anaphonya.

Kutchalitchi anasiya. Mumtima mwawo anagamula okha kuti Mulungu sangafune kuona nkhope ya munthu amene anakweza nthochi panjinga n'kusiya mkazi pamphasa. Popita ku Nyimba ankazungulira njira ya kudambo kuti asadutse pakhomo pa tchalitchi, ngati kuti Mwini thambo amaonera pazenera lokha. Chakudya chinayamba kuima pakhosi. Lamba anamuboola mabowo awiri atsopano ndi msomali. Aliyense wofunsa ankalandira yankho limodzi: "Nili bwino."

Mwana wawo Goodness, mphunzitsi ku Petauke, anabwera mu Ogasiti. Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Atate, mwatha."

"Nili bwino."

"Bwino wanu aoneka nthiti. Nikabwela mu Okutobala nikakupezani telo, nikutengani ku Petauke. Dimba tipatsa ena."

A Daka ankaudziwa moyo wa ku Petauke: mpando pakhonde, kuwerenga magalimoto mpaka dzuwa kulowa, kutali ndi manda, kutali ndi dimba limene anabzala awiri. Anaona kuti nkhani yafika poipa, ndipo anachita chimene ankachidziwa. Mlandu wa m'nyumba ukakula, munthu amapita kwa ankhoswe. Anagwira tambala, n'kulunjika kwa a Febian.

Anawapeza akusoka thumba pansi pa mtengo wa mango.

"Asuweni, mwabwela na tambala," anatero a Febian. "Mwaona mbeta kuti?"

"Nifuna mukanilankhulile."

"Kwa ndani?"

A Daka analoza kumwamba ndi chibwano. A Febian anayang'ana, anangoona masamba.

"Kwa Mulungu?"

"Ee."

"Nikamuuze kuti chiyani?"

"Adziwa."

A Febian anayang'ana msuweni wawo, kenaka anayang'ana tambala. Tambala analibe mlandu, choncho anamulandira. Lamulungu lotsatira anaimirira pamaso pa mpingo napempha kuti Ambuye amukumbukire mbale wawo Daka. Lolemba m'mawa a Daka anali atafika kale pansi pa mango, chipewa pabondo, ngati mnyamata wodikira yankho la kuchikazi.

"Ayankha?"

"Akuti akukondani."

"Ndiye kuti simunawauze zonse."

"Zonse ziti? Mwanipatsa envulopu yopanda kalata."

A Daka anabwerera kwawo osakhutira. Anaona kuti nkhoswe zamakono zimafewetsa nkhani. Sabata yachiwiri zinayenda momwemo. Sabata yachitatu a Febian anaika singano pansi.

"Asuweni, ine nkhoswe nimayanjanitsa anthu awili amene akwiyilana. Apa wokwiya niona mmodzi chabe, ndipo wadzikwiyila yekha. Winayo angofunsa kuti mwana wake ali kuti. Chimene chikudyani sinichidziwa, ndipo kukamwa kwanga sichingatulukile. Tambala tinadya, sinibweza. Koma sinipitanso."

A Daka ananyamuka osatsanzika, kuti mnzawo adziwe kuti akhumudwa. A Febian sanazindikire kanthu, popeza a Daka sanali munthu wotsanzika ndi kale lomwe.

Anafufuma masiku asanu ndi atatu. Anaganiza zotuma abusa, koma abusa amafunsa mafunso. Anaganiza zotuma amayi a kwaya, koma zimene amva amayi a kwaya Lachinayi, Lachisanu zimakhala zitafika mpaka kudera la mfumu Nyalugwe. Anawerenga anthu onse, ndipo wotsala anali mmodzi, yemwe sankamudalira n'komwe: iwo eni.

M'mawa wina wa Seputembala, dzuwa litayamba kale kuluma, anali kudimba akudula thunthu la nthochi yakale. Chikwanje chinawalemera. Anachiika pansi, anavula chipewa, nagwada ndi bondo lawo lovutalo. Poyambira sanapadziwe. Anaomba m'manja katatu monga achitira mkamwini pakhomo pa apongozi.

"Odi," anatero. Anadikira pang'ono. "Ndine Daka. Mwamuna wake wa Virginia, uja anali kukuuzani za ine."

Masamba a nthochi anangogwedera. A Daka anapitiriza.

"Ananiuza kuti mutu. Ine ninati mailo. Ninanyamula nthochi."

Pemphero lonse linathera pomwepo. Chotsatira chinali misozi imene inakana kutuluka pamaliro, ndi kulira kosakongola kwa munthu wamkulu amene anaiwala maliridwe. Atatopa anakhalabe choweramitsa khosi, kudikira ndodo. Ndodo sinagwe. M'malo mwake linawalowa bata longa la mwana amene walira mpaka kutopa, kenaka n'kuzindikira kuti nthawi yonseyi anali kumsana kwa amake. Zinawatulukira kuti Mulungu Lachiwiri lija analipo. Njinga anaiona, mikoko anaiona, mphasa anaiona. Komabe kuyambira tsiku limenelo sanaumitse chitsime cha m'dimba, sanawachotsere mwana wowadera nkhawa, ngakhale msuweni wolongolola uja sanawalande. Iwo ankabisa chinthu kwa Mboni yokhayo imene inaona zonse, ndipo Mboniyo inali isanasiye kuwakonda.

Podzuka bondo linakana, mpaka anachita kukumbatira thunthu la nthochi. Ataima anamva chinthu chachilendo m'mimba. Inali njala. Anathyola nthochi zinayi zakupsa n'kudya ali chiimire.

Lamulungu analowa m'tchalitchi n'kukhala pabenchi yomalizira. Potuluka anawakokera pambali a Febian nawauza mawu omwe aja anauza Mulungu kudimba. Tsiku limenelo a Febian sanachite nthabwala.

"Munalakwa, asuweni," anatero. "Nanga pamtanda paja anafela anthu osalakwa?"

Goodness anabwera mu Okutobala ndi chikwama chachikulu choikamo zovala za atate ake. Anawapeza akuthirira, masaya atayamba kubwerera. Asanafunse kanthu, a Daka anamukhazika pampando namuuza okha za Lachiwiri lija. Kumuuza mwana kunali kovuta kuposa kumuuza Mulungu, chifukwa nkhope ya mwana ankaiona.

Goodness analira. Kenaka anati, "Miyezi yonseyi, Atate?"

"Ninaopa."

Masana onse sanawalankhule. A Daka sanadziteteze, ndipo sanathawire kudimba. Anakhala pomwepo, akusenda mtedza. M'mawa mwake Goodness anatuluka atavala zapaulendo.

"Amama akanakukalipilani sabata imodzi, kenaka n'kukuphikilani," anatero, maso ali ofiira. "Ine nitenga masabata awili. Koma muzidya."

"Nidya."

"Ndipo nikaimba foni musaniuze kuti muli bwino."

"Masiku ena nili bwino. Ena ayi."

Goodness anawayang'ana ngati akumva liwu lawo koyamba. Chikwama chija chinabwerera ku Petauke chodzaza mtedza, a Daka n'kutsala ndi dimba lawo.

Bala silinazimirike. Alipo masiku amene limanyerenyetsa, makamaka mvula ikamayandikira. Koma tsopano a Daka amadziwa kumene amakalitsukitsa, ndipo amapita okha, ndi mawu awo ochepawo. Sing'anga anali pafupi nthawi yonseyi, wodwala ndiye ankatuma anthu athanzi kukamumwera mankhwala. Makolo sanasankhe mawu aulemu pofotokoza zimenezi, koma sananame: wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.